Ndinamva "a Kalulu"

Fungo la udzu wouma limandibwezerabe ku Mbulumbuzi, m'chipinda chomwe tinkagonamo ndi akalulu athu poopa agalu. Ndowe za akaluluwo ndi udzu zinkafika mpaka pamphasa. Mng'ono wanga Esinati ankangoyetsemula, maso ali psuu, chifuwa chikulira ngati mluzu.

Namwino anauza amayi kuti, "Akumupha mwanayu ndi akalulu."

Ine ndinamva "a Kalulu", bambo wosoka nsapato kuseri kwathu, ndipo ndinakaulula kuchitsime. Pofika Lamlungu, anyamata ankazungulira nyumba ya bamboyo atanyamula miyala.

Amayi anatulutsa ziwetozo ndi udzu womwe, n'kuzira pansi. Esinati atachira, anthu anati, "Mwaona? Mfiti yachita mantha."

A Kalulu anasamuka mvula isanagwe. Mpaka lero udzuwo umatsamwitsa ine, osati Esinati.