Manja a Biswick

Biswick ndimagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Thamesmead. Ndi chimunthu chodzaza pakhomo, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi palibe wokalamba amene anagwapo iye ali pafupi. Munthu akangodzandira, manja a Biswick afika kale kukhwapa.

Lamlungu akaweruka kutchalitchi amakasewera mpira wa ku America, uja wovala zisoti. Mpirawo saukhudza n'komwe. Ntchito yake ndi kukankha mdani amene wayang'anizana naye kuti mnzake wonyamula mpira, Evance, apeze podutsa. Kochi wawo, Rogers wa ku Zambia, sanavutike kumuphunzitsa kupinda mawondo, kuwongola msana, kuponda pafupipafupi ndi kusunga zigongono m'nthiti. Ndi mmene timadzutsira okalamba pampando tsiku lililonse.

Vuto linali manja omwewo. Akamukankha munthu mpaka kuyamba kugwa chagada, Biswick ankamukumbatira kuti asagwe. Pa mpira umenewu kukumbatira ndi mlandu. Woyimbira amaponya kansalu kachikasu kotchedwa flag, timu yonse n'kubwezedwa mayadi khumi chifukwa cha chifundo cha munthu mmodzi. Zinachitika kasanu.

"Mudala, kuno si ku care home," anatero Rogers. "Flag inangu imodzi, muzankala pa bench season yonse."

Lamlungu lotsatira ndinakwera mabasi awiri kukaonera. Mumzinda uno Biswick amangokhalira kusamala ena, ndipo mpirawu ndi chinthu chokhacho chimene amadzichitira yekha. Kumulanda kukanandipweteka ine ndemwe.

Masewera atatsala pang'ono kutha, timu yake inkafuna mayadi awiri okha kuti ipambane. Biswick anapinda mawondo, n'kulowetsa zikhatho pachifuwa cha chimnyamata cha timu inayo, n'kuyamba kuchiyendetsa chambuyo ngati kabati. Chinadzandira. Ndinaona manja aja akuyamba kutambasuka, ndipo ndinakuwa mpaka azungu kutembenuka: "Achimwene, musiyeni agwe!"

Anakunga zibakera, n'kumusiya. Munthu uja anagwa chagada, Evance anadutsa pampatapo, ndipo kansalu sikanatuluke m'thumba la woyimbira.

Anzake onse anathamangira Evance, akudumpha. Biswick sanapite nawo. Anagwada pambali pa wogwayo, anamufunsa ngati penapake pakupweteka, kenako anamudzutsa pang'onopang'ono, dzanja kukhwapa.