Mayina Asanu ndi Anayi a Mayi Kalolaine

Kalolaine Taufa anabadwa pa 14 Malichi 1921 pa kachilumba kena ka ku Ha'apai, kuno ku dziko la zilumba la Tonga. Pa 3 Febuluwale 1946 anakwera sitima ndi mwamuna wake, m'busa Sekope, kukagwira ntchito ya umishonale m'mapiri a ku Papua. Sekope ankalalikira, iye ankachiritsa amayi oyembekezera. Malungo atatenga Sekope pa 9 Ogasiti 1958, mpingo unamuitana kuti abwerere kwawo. Anakana, ndipo anakhalanso zaka zisanu ndi ziwiri.

Choncho atamva kuti msonkhano wa amishonale a zilumba zonse udzachitikira ku zilumba za Vava'u, komwe ankakhala mu ukalamba wake, anapempha kuona ndondomeko. Panali ola lowerenga mayina a omwe anafera ku ntchito. Mayina makumi atatu, onse aamuna. Amayi asanu ndi anayi omwe anagona m'dothi lomwelo la ku Papua panalibe, ngakhale Losaline, yemwe anafera m'manja mwake pobereka. Dzina la iye mwini analipeza m'munsi, pa mndandanda wa ophika.

Lachiwiri, pa 12 Epulo 1983, anamanga mkeka wake m'chiuno, chovala chaulemu cha kuno, nalowa m'komiti osaitanidwa. Anakhala pansi, osati pampando. Mlembi wa komiti, Penisimani, anali mwana wa mlongo wake, ndipo mwana sakhala pamwamba azakhali ali pansi. Anatsika pampando msangamsanga, mapepala kuti mbwee.

"Bambo wamkulu iwe, mawondo akulira ngati chitseko," anatero Kalolaine. "Tandiuza, Losaline ali pa tsamba liti?"

"Azakhali, ifetu tikuwerenga odzozedwa okha."

"Udzudzu wa ku Papua unkafunsa kaye za kudzozedwa?"

Wina anatsamwa ndi chiseko. Wapampando, abusa Havili, anagogoda tebulo. "Mayi, timakulemekezani. Koma ndondomeko yapita kale kosindikiza. Alendo akuchokera ku Fiji, Samoa, Papua. Inu tithandizeni kumbali ya chakudya."

"Chabwino, abusa. Ndilembeni Lachinayi masana. Pola yakutsogolo ndi yanga."

Havili anapuma mozama ngati watula katundu. Penisimani yekha ndiye anawayang'ana kawiri asanalembe, poti ankawadziwa azakhali ake. Pola ndi thandala lalitali lolukidwa ndi masamba a kokonati, lomwe banja limadzaza chakudya cha alendo. Mwini pola sadya nawo, amangoingitsa ntchentche. Koma akaimirira kuti alankhule, palibe wodya chakudya chake angamudule mawu.

Miyezi itatu Kalolaine ananenepetsa tinkhumba tinayi. Analamula ana a mlongo wake kuti abweretse zilazi, nsomba ndi nkhanu, ndipo palibe anatsutsa. Mkazi wa Havili anabwera kudzamunyengerera kuti adzangothokoza Mulungu mwachidule.

"Ndidzafupikitsa, mnzanga," anayankha. "Ndi anthu asanu ndi anayi okha."

Pa 7 Julaye, nkhumba zitafukulidwa m'dzenje la miyala yamoto, alendo anakhala m'mizere pa udzu. Kalolaine anadikira mpaka anaona mafuta akuyenderera m'zala za Havili. Apo anaika pansi chokupizira chake naimirira.

"Idyani, alendo anga, musaleke. Ine ndine wophika. Ndabwera ndi anzanga omwe sanapeze malo papepala."

Anayamba ndi Losaline Vea, 22 Novembala 1951. Dzina lililonse ankalitchula ndi tsiku lake ndi mudzi womwe munthuyo anagona. Havili anakweza dzanja, koma m'dzanjamo munali nthiti ya nkhumba, ndipo analitsitsanso.

Pa dzina lachisanu, m'busa wina wa ku Papua, waimvi kale, anaimirira. Ananena kuti mayi ameneyo ndiye anamuphunzitsa kuwerenga. Sanakhalenso pansi, ndipo anzake anaimirira naye mpaka mayina onse anatha.

Madzulo ake Penisimani anawonjezera mayinawo ndi cholembera kuseri kwa ndondomeko, nabwera nayo kwa azakhali ake. Kalolaine anavala mandala nawerenga pang'onopang'ono.

"Losaline anamwalira pa 22, osati pa 21. Konza."

Kalolaine anamwalira pa 30 Meyi 1996. Pa msonkhano wotsatira, dzina lake linawerengedwa lachikhumi pa mayina a amayi.