Mjigo wa kuseri kwa kaphiri

Chaka chomwe sitolo zinalibe ngakhale mchere, mipope ya m'komboni yathu kunja kwa Kwekwe nayo inauma. Mgodi wa golide womwe unabweretsa bambo anga kuchokera ku Malawi unali utatseka, ndipo bambowo anali atagona kale ku manda a machona, kuseri kwa kaphiri. Nyumba inali ya kampani. Amayi ankati malo athu enieni m'dziko lino ndi mtumbira wa bambowo basi.

Ndiye kunafika Matchaina awiri ndi womasulira wawo, ati adzatikumbira mjigo waulere. Anthu anawomba m'manja ngati kwagwa mvula. Ine pakamwa sindisunga mawu. Ndinafunsa chifukwa chokumbira pamtunda, pafupi ndi manda, pomwe dambo lili kumunsi. Womasulira anaseka. "Sisi, makina ndiwo anoziva pali mvura, osati imi." M'chinenero cha kuno ankatanthauza kuti makina ndiwo amadziwa pali madzi, osati ine.

Kunyumba amayi anandikalipira. "Mwanangu, wokupatsa madzi sumufunsa zambiri. Ukufuna tizimwabe a m'maenje a makorokoza?" Ankanena maenje osiyidwa ndi okumba golide, komwe tinkatunga madzi obiriwira.

Ndinayamba kupita komwe ankakumba mjigowo kukagulitsa tomato, koma cholinga chinali kuona. Okumba mjigo amataya dothi n'kudikira madzi. Awa ayi. Makina ankatulutsa miyala yaitali ngati misi, iwo n'kumaiyala m'mabokosi mwaulemu, kuitsuka ndi madzi obwera nawo pagalimoto kuchokera m'tauni. Ife ludzu, miyala ikusamba! Akamaliza dzenje ankalitseka n'kuyamba lina, ndipo lililonse linkasendera kumanda. Ndinachita mantha, ndinakwiyanso, koma aliyense amene ndinamuuza ankati ndili ndi mtima woipa. Ndinkangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Matchaina aja anachoka osatsanzika, opanda dontho lomwe. Patapita miyezi tinapeza zikhomo zomangidwa nsanza zofiira kuzungulira manda onse. Womasulira uja anabwera ndi akuluakulu a m'tauni kudzatiuza kuti pansi pali miyala ya kromu yomwe dziko la alendowo likuifuna, ndiye mafupa asamutsidwa. Kampani ipereka mabokosi atsopano ndi simenti ya ziliza. Ena anawombanso m'manja.

Ndinkayembekeza kuti ndisangalala kuti zanga zija zinali zoona, koma nditaona nkhope ya amayi ndinangomva chisoni. Iwo anati, "Bambo ako anasiya kwawo chifukwa cha miyala. Lero miyala ikuwadzutsanso."

Tsiku lofukula, amayi anakana kuti ndiwathandize. Anasenza okha ndowa kuti anthu asambe m'manja pochoka kumanda, monga mwa mwambo. Madziwo anakatunga ku maenje a makorokoza.