Ababa ndi Sitima za ku Shanghai

Lero foni yandikumbutsa chithunzi cha tsiku lija ndinakuimbirani pa vidiyo ndili padoko la Shanghai, chaka changa choyamba kusukulu ya uinjiniya. Inu Ababa munali mutangoweruka ku esiteti, dengu la tiyi likadali kumsana, mutabwereka foni ya akapitawo. Ndinakuonetsani sitima zapamadzi zikuluzikulu zikupakira katundu. Munayang'anitsitsa, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye tiyi timathyola kunoyu amadutsanso pamenepo?" Ndisanayankhe, netiweki inadula. Nditaimbanso munangoti, "Usavutike mwanawe, udzandifotokozera bwino ukadzabwera, titakhala pansi."

Sitinakhale pansi, Ababa. Uthenga wa maliro anu unandipeza mkati mwa mayeso, ndipo ngakhale ndege sikanatha kundifikitsa ku Thyolo nthawi yabwino. Tsiku limene ankakuikani m'manda ine ndinali m'kalasi, ndikulemba mayeso a Chitchaina misozi ikudonthera papepala. Nditabwerako ndi digiri ija, amayi anandiperekeza kumanda kwanu, ndipo tinapeza udzu utamera kale. Zoti ndikuuzeni zinali zambiri. Ndinangogwada n'kuyamba kuzula udzuwo. Gonani bwino, Ababa anga.