Wotchi Yanga Imayenda pa Kombi

Achimwene atawagulira alamu anga a ku Zengeza 4 wotchi yowerengera masitepe amene munthu wayenda, ndinachita nsanje mpaka mutu kuwawa. Yanga ndi yapamsika ku St Mary's, lamba wake ndimamanga ndi labala.

"Alamu, tafanizani," anatero alamu angawo. "Yabwino ndi iti?"

Ndinawaonetsa nambala ya masitepe anga, yoposa yawo kutalitali. "Mwina akuberani, mwina ndinu aulesi basi."

Chomwe sindinanene n'chakuti kombi, minibasi yathu ija, ikangogwa m'dzenje, yangayo imawerenga ngati ndayenda. Ndipo maenje athuwa mukuwadziwa.

Alamuwo anachita manyazi, n'kuyamba kumayenda wapansi mpaka kudera la Unit D kuti andipeze pa masitepe. Lero BP yawo yatsika, akuchepetsa madiresi kwa telala. Ine ndikuwaposabe, koma pokwera kombi ndimapuma wefuwefu.