Mzere wa Phulusa Pabwalo Panga

Ndinatuluka m'mawa tsache lili m'manja, wamng'ono ali kumsana, ndipo ndinapeza mzere wa phulusa utadutsa pabwalo panga. Unachokera pakamtunda ka kunyanja, n'kutsetsereka pakati pa nyumba ndi khitchini, n'kudutsa penipeni pamene mwana wanga wamkulu ankaphikira masanje m'zitini zake, n'kukathera kumsewu uko. Kwathu ku Dedza phulusa la eni likapezeka pakhomo pako si nkhani yoseka. Sindinaulumphe mzerewo, ndinabwerera chafutambuyo, n'kumugwira dzanja wamkulu uja amene ankafuna kale kuupondaponda.

"Bambo a mwana, tatulukani muone. Atitchera mankhwala."

Mwamuna wanga ankatsuka zilonda pa kachipatala ka boma kumpoto kwa Mangochi, njira ya ku Nkope. Anthu a m'mudzimo ankamutcha adokotala, ine n'kukhala amayi adokotala, ine amene sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Anatuluka thovu la sopo lili kumasaya, anayang'ana pansi, anayang'ana ine, n'kuseka mpaka kutsamira chitseko.

"Mankhwala ake ati? Njira ya njinga ija ndi imeneyi. A komiti adutsa mmamawa pochokera kumzikiti. Anamangirira chitini chobooka kukaliyala, wina akupalasa, phulusa likuthothoka. Sunali kumsonkhano iwe?"

Kumsonkhano ndinaliko, nanga akanajomba ndani masiku amenewo, anyamata a chipani a malaya ofiira akuyendera khomo ndi khomo? Koma zambiri zinkayankhulidwa m'Chiyao, ndipo ine Chiyao changa chinali cha moni ndi chogulira nsomba. Chomwe ndinatolapo n'chakuti amalonda a nsomba anatopa ndi kukankha njinga mumchenga, usipa n'kumafika pa boma utafooka, ndiye mudzi unagwirizana zolambula tinjira ta njinga: kena kochokera kugombe kukafika kumsewu wa tala, kena kopatukira kusukulu, kena kuchigayo, kena kuchipatala kwathu. A kuboma analonjeza simenti ya kamlatho ka pakhwawa ngati zina zonse tichita tokha. Eni makoka anavomera kupatula ndowa ya usipa pa ulendo uliwonse kuti igulitsidwe, pagulidwe makasu ndi mapiki. Ife azimayi ntchito yathu inali kusenza katondo wa pachulu woti alimbitse mchenga. Ndinawomba nawo m'manja, ndinaluluta nawo, osadziwa kuti ndikululutira njinga zodzadutsa pamphasa ya ana anga.

Tsiku limenelo ndinautsata mzere uja mpaka pakamtunda, ndipo ndinaona zimene unachita. Pa manda unakhota, n'zomveka. Pa munda wa chinangwa wa atcheyamani a chipani unakhota. Pa mango a mwini makoka wamkulu unakhotanso bwinobwino ngati njoka yoopa moto. Pofika pathu unangowongoka, poti nyumbayo inali ya boma, ife alendo, panalibe woti n'kumupempha.

"Kawauzeni aukhotetse pang'ono, udutse kuseri kwa khitchini," ndinatero.

"Iwe, ukufuna zimveke kuti mkazi wa wantchito wa boma akukana chitukuko? Mawu amenewo uwameze. Aphunzitsi aja anangofunsa funso pamsonkhano, lero ali kuti?"

Aphunzitsiwo ankati anawasamutsira ku Makanjira, koma palibe anawaona akukweza katundu. Ndinawameza mawuwo.

Koma manja sanamve. Mawa lake, mwamuna wanga atapita kuntchito, ndinasesa mzere wonse wa pabwalo, ndinatapa phulusa langa la pamoto, n'kujambula wina wozungulira kuseri kwa khitchini, kudutsa pa dzala. Ndinauyang'ana, ndinati wakhala bwino. A komiti atabwera kudzakhoma zikhomo anaima pomwe mzere wanga unayambira. Atcheyamani, bambo wamfupi wa kofiya woyera ndi njinga yonyezimira, anawerama n'kutsina phulusalo.

"Amayi adokotala, lathu lija linali loyera, la nkhuni za kumzikiti. Ili ndi la zitsononkho. Kapena mwera wa chaka chino waphunzira kusesa ndi kuphika?"

Anzawo anaseka. Ine ndinagwada, ndinati mwina ndi ana, bambo. Iwo anayang'ana wamng'ono wokwawa uja, amene ankadya dothi, anati ana a masiku ano ngochenjera. Zikhomo zinakhomedwa pakati pa bwalo. Masiku angapo galimoto ikamveka kumsewu ndinkaleka kupuma mpaka ipitirire.

Ntchito yake, ndisaname, inali yokoma. Tinkandandana kuchokera pachulu, mabeseni a katondo pamutu, ana kumsana, nyimbo zikusinthana, ya Chiyao, ya Chichewa, ya chipani akaoneka a malaya ofiira. Amuna ankathira madzi, ife n'kumasinja njirayo ndi misi ngati tikukonola chimanga. Chiyao changa chinakula m'masabata amenewo, makamaka chotukwana, poti azimayi ankandiphunzitsa dala kuti ndikapatse nacho moni amuna awo. Pabwalo panga ndinasinja ndekha, ndipo panalimba kuposa pena paliponse, mwina chifukwa cha mkwiyo. Simenti inabwera mochedwa, yochepa, kamlatho kanatuluka kopapatiza koti njinga ziwiri sizipatukirana, koma tsiku lotsegulira tinavina mpaka fumbi, atcheyamani n'kuyamba kudutsa akuliza belu.

Ndiye njinga zinayamba.

Amene sanaone njinga ya nsomba sangamvetse. Dengu lake lalikulu ngati nkhokwe, lonyowa, lolemera, mabuleki anatha kalekale, woyendetsa amaimitsa ndi patapata wa kuphazi pomukanikiza patayala. Belu alibe, amangokuwa kuti njira, njira. Akakankha kukwera kamtunda ka kugombe, potsika amabwezera nthawi yonse imene wataya, poti woyamba kufika pamsika ndiye agulitsa bwino. Potsika pakewo panali pakhomo panga. Zinkabwera motsatizana kuyambira dzuwa likamatuluka mpaka litakwera, fyuu, fyuu, madzi a nsomba akuwazikira pakhonde.

Sabata yoyamba bakha wanga anapita. Woyendetsayo sanaime, pobwerera anandisiyira utaka wodzaza mbale n'kupepesa bwino ndithu, koma ine poyang'ana nthenga zija ndinkaona zina. Wamng'ono ndinayamba kumumanga chitenje m'chiuno, mbali ina kumtengo wa mango, ngati mbuzi. Wamkulu ndinkamutsekera m'nyumba, iye kulira, ine kulira. Kupita kukhitchini kwanga komwe ndinkayamba ndayang'ana kumtunda ngati ndikuwoloka msewu wa ku Blantyre, ndi phala lotentha m'manja. Ndiwo zinkapserera. Kutchalitchi sindinkamva ulaliki, m'khutu munkangolira tcheni.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wachikulire wa m'mudzimo, woluka mikeka, wamaso ofiira ndi pakamwa posapuma. Sankafuna kukaima pamzere kuchipatala, ankafuna adokotala amudonthezere mankhwala a m'maso kunyumba. Anakhala pansi pa mango paja, pafupi ndi mwana wanga womangidwa, natulutsa mlaza wake n'kumaluka.

"Mwanayu walakwa chiyani?" anandifunsa.

Ndisanayankhe ndinamva kukuwa kumtunda. Anali mnyamata wina wamtali, wothamanga kuposa onse, yemwe uja anapha bakha. Ndinathamangira mwana. Koma njinga ija inayamba kulira kweee, patapata akufuka, mwini wake anadumpha, dengu linapendama, analigwira ndi phewa. Anavula chipewa, anayang'ana kumbali, n'kuyamba kukankha njinga pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, akupereka moni kwa mtengo wa mango. Anakakwera atapitirira dzala.

"Anganga, chachitika n'chiyani?"

"Ameneyo? Mkamwini wanga. Anakwatira mwana wanga wachiwiri. Adutse pamaso panga ali pachishalo, matako m'mwamba? Akagona kuti lero?" Analavula kachidutswa ka mlaza. "Ndipo dengu lonselo, dzulo amati sanaphe kanthu kunyanja."

Wachiwiri amene anatsika kamtunda sanali mkamwini wawo, koma anatsikanso, poti anali mphwake wa woyamba uja. Wachitatu anadutsa chothamanga.

"Uyo ndi mkamwini wa anzanga a kuseri kwa chigayo," anatero. "Iwo akanakhala pano, ameneyo akanakwawa."

Ndinayamba kuganiza. Kumeneko mwamuna amakakhala kwa mkazi. Amalonda a nsomba pafupifupi onse anali akamwini m'mudzi momwemo, aliyense ndi apongozi ake, ndipo apongozi amenewo m'mawa uliwonse ankakhala kuseri kwa nyumba zawo, aliyense payekha, akuluka mikeka ndi kudandaula kuti palibe wocheza naye.

Madzulo ake ndinabereka mwana, wina kudzanja, ndinayenda khomo ndi khomo ndi Chiyao changa chothyokathyoka. Za njinga sindinatchule n'kamodzi komwe. Ndinkangoti ndine mlendo, amayi anga ali kutali, ndikufuna kuphunzira kuluka mkeka, pakhomo panga pali mthunzi wabwino ndipo tiyi sasowa. Ena anandiyang'ana mokayika. Mayi wa maso ofiira uja ndiye anamaliza ntchito, anawauza kuti pamango pa adokotala munthu umaona dengu lililonse lochokera kugombe, lodzaza ndi losadzaza.

M'mawa mwake anabwera atatu. Pofika Lachisanu mphasa zanga zinachepa, ndinabwereka zina. Ndinaziyala mbali zonse ziwiri za njira, kuti wodutsa adutse pakati pawo. Ndinagula kapu zatsopano ndi poto wakewake, woti sanaphikidwemo kanthu kokayikitsa kwa Asilamu, ndinawaonetsa kuti aone okha. Shuga wa mwezi wonse ankatha msanga, mwamuna wanga n'kumadandaula.

"Kodi tatsegula tiyirumu?"

"Mukufuna shuga kapena ana?"

Kuyambira pamenepo ankabwera ndi fodya wa mphuno wa alendo anga.

Njinga zinkati zikafika pamwamba pa kamtunda, mutu n'kusuzumira, phazi n'kutera pansi. Ankatsika onse, ndi osakwatira omwe, poti mwa azimayiwo munali amene akanadzakhala apongozi awo. Ankadutsa chokankha, maso kumbali, azimayi akuyankhula ngati akuuza mlaza.

"Dengu limeneli likulemera bwanji, koma kwathu tinagonera masamba a chinangwa."

Dzanja linkalowa m'dengu, usipa n'kutsala pambale. Sitinagulenso ndiwo chaka chimenecho.

Mantha anabweranso tsiku limene atcheyamani anatulukira ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Amalonda anali atakadandaula kuti njira ya chitukuko yatsekedwa. Ndinakumbuka aphunzitsi aja, ndinanyamula wamng'ono. Atcheyamani anatsika njinga, anakonza kukhosi, anatsegula pakamwa, ndipo anaona amene anakhala kumapeto kwa mphasa, mayi wowonda wa mpango wobiriwira, amake a akazi awo. Anabwerera pang'ono mpaka thunthu la mango linawabisa.

"Amayi adokotala," anayankhulira kuseri kwa mtengo, "pali msonkhano wanji pano?"

"Si msonkhano, bambo. Akundiphunzitsa mikeka."

"Afunseni ngati mthunziwu uli ndi khadi ya chipani," anatero a mpango wobiriwira, osadzutsa mutu.

Mnyamata mmodzi wa malaya ofiira anatsokomola kubisa phwete. Atcheyamani anati ntchito za manja ndi chitukukonso, boma limakondwera nazo, azimayi apitirize. Anakankha njinga yawo yonyezimira kuzungulira kuseri kwa khitchini, kudutsa pa dzala, momwe muja munadutsa phulusa langa la zitsononkho.

Kuluka sindinakudziwe bwino mpaka lero, mikeka yanga inkatuluka yopotoka, azimayi ankaipatsirana n'kumaseka. Mwezi wa Asilamu wosala kudya utafika ndinada nkhawa kuti popanda tiyi sabwera, koma anabwera, ati kunyumba njala imapweteka kwambiri. Wamng'ono ndinamumasula chitenje chija, anaphunzira kuyenda akugwira mapewa a anthu amenewo, mawu ake oyamba anali a Chiyao. Wamkulu anabwezera zitini zake pamalo pake.

Zaka zonse zimene tinakhala kumeneko, ntchito yanga yoyamba kukacha inali imodzi. Ndisanatsegulire ana chitseko ndinkasesa pansi pa mango, kuyala mphasa uku ndi uku kwa njira, kuteleka madzi a tiyi, n'kuima pakhonde mpaka mpango woyamba utatulukira pakona ya chigayo. Ukatulukira, ndinkatsegula chitseko.