Wodula Mphete wa Chipani

Mlamu wanga Ermete Bassoli ankanola mipeni ndi masizasi m'tauni yathu ku Romagna. Anali wofatsa mpaka kunyansa. Anthu ankamutuma ngati mwana, iye n'kumangothokoza. Amene ankamuwerengera ngati munthu anali mkazi wake yekha, mkulu wanga Zelinda.

Kenako a chipani cha Fasisti anamupatsa malaya akuda, yunifolomu yawo. Omwe ankamuseka anayamba kumuvulira zipewa, ndipo zinamukomera.

Chaka cha nkhondo ya ku Abisiniya, boma linati akazi apereke mphete zawo zaukwati zagolide pothandiza nkhondoyo, alandire zachitsulo. Mphete zina zinkakana kuchoka, poti zala za akazi ochapa ndi kulima zimatupa. Ntchito yodula mphete zoterezi inagwera Ermete chifukwa anali ndi zida. Kuchokera pamenepo anasiya kuyang'ana anthu kumaso. Ngakhale m'tchalitchi maso ake ankakhala pa manja a akazi, akung'ung'udza yekha kuti dziko likutha ndi zala zadyera.

Zelinda anakana kupereka yake. Inali ya malemu amayi athu, chifukwa pa ukwati Ermete analibe ndalama zogulira ina. Anakulunga chalacho ndi nsalu n'kumati wadzicheka pophika. Mwamuna wake anadikira mpaka Lamulungu, anthu akutuluka ku Misa. Anamukokera pakati pa bwalo n'kumasula nsalu ija.

"A Ermete, ndine mkazi wanu ine," anatero Zelinda chapansipansi.

"Pano palibe mkazi wa munthu."

Anadula mpheteyo mwaukali, ndipo chodulira chinalowa mpaka pafupa. Anzake a malaya akuda anawomba m'manja. Bala linawola, dokotala anadula chala chonse. Ine ndinamuda Ermete tsiku limenelo, ndipo ndimamudabe.

Chipani chitagwa, ankazungulira mumsika atavala malaya akuda ong'ambika, akugwira manja akazi osawadziwa. Anakamutsekera kuchipatala cha amisala. Zelinda, ndi mtima wake wopusawo, ankamupititsirabe buledi ndi tchizi. Tsiku lina ndinamuperekeza, osati chifukwa cha chisoni ayi, ndinkafuna ndimuone atavutika.

Tinamupeza atanenepa, ali phee padzuwa. Iye sanamuzindikire mkazi wake. Anangomugwira dzanja, n'kuliyang'anitsitsa pamene panali chala, kenako anamwetulira mwaulemu.

"Mayi, inu ndiye okonda dziko lanu," anatero. "Amuna anu ayenera kuti amakunyadirani kwambiri."